Karel Styblo ndi Kaundula wa Chifuwa Chachikulu

Mukalowa mu ofesi ya TB pa chipatala cha boma, kaya ku Ntcheu, ku Mzimba kapena ku Nsanje, mupezamo buku lalikulu lotambalala, loti polifunyulula limadzaza tebulo lonse. Mzere uliwonse m'bukumo ndi munthu: dzina lake, mudzi wake, tsiku limene adayamba mankhwala, ndi zimene makhololo ake adaonetsa atawaunika. Kumapeto kwenikweni kwa mzerewo, dzanja lamanja, kuli timabokosi tolembamo mathero a munthuyo. Adachira. Adamaliza mankhwala. Mankhwala sadagwire. Adamwalira. Adasowa. Mzere sutsekedwa mpaka kabokosi kamodzi katalembedwa. Ambiri mwa amene amagwira bukuli tsiku ndi tsiku amaliona ngati chinthu cha boma chimene chidangokhalapo, monga chidindo kapena fomu ya tchuthi. Koma mizere imeneyi ili ndi mwini wake, dokotala wa ku Czechoslovakia dzina lawo Karel Styblo.

A Styblo sadatulukire mankhwala ngakhale amodzi, ndipo palibe kachilombo kotchedwa dzina lawo. Mukatenga mndandanda wa zimene adalemba pa zaka zoposa 30, mitu yake ndi yoti munthu agone nayo tulo: ziwerengero za ana asukulu, ziwerengero za anyamata olowa usilikali, malipoti a miyezi itatu itatu ochokera m'maboma a ku Tanzania. Komabe ndikadati ndisankhe wofufuza matenda a m'mapapo amene ntchito yake idafika mpaka pa mphasa ya wodwala wa kumudzi kwathu kuno, sindikadazengereza.

Adabadwa m'chaka cha 1921. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idawapeza ali mnyamata, dziko lawo lili m'manja mwa asilikali a Hitler, ndipo chakumapeto kwa nkhondoyo adatsekeredwa m'ndende yozunzirako anthu ya Mauthausen ku Austria. M'njala ndi m'kuthithikana kwa kumeneko adadwala chifuwa chachikulu. Adatulukako amoyo, nakaphunzira udokotala ku Prague.

Nthawi imeneyo mankhwala a matendawa adali atangoyamba kupezeka. Kachilombo kake kadadziwika kalekale, kuyambira pa 24 Malichi 1882 pamene Robert Koch adakalengeza ku Berlin, koma kwa zaka zoposa 60 dokotala adalibe chopatsa wodwala kupatula bedi, chakudya chabwino ndi mpweya wa kumapiri. Streptomycin atabwera, kafukufuku wa ku Britain wa 1948 adaonetsa kuti amathandiza ndithu, koma adaonetsanso kuti akaperekedwa yekha tizilombo timamuzolowera pa miyezi yochepa chabe. Kenako kudabwera PAS, ndipo mu 1952 isoniazid. Ku Edinburgh, John Crofton ndi anzake adayamba kupereka onse atatu pamodzi kwa chaka ndi theka kapena kuposa. Chimene chidawasiyanitsa ndi madokotala ena n'chakuti wodwala aliyense amene sadachire ankamufufuza kuti chidalakwika n'chiyani. Nthawi zambiri ankapeza kuti mankhwala adalembedwa molakwika kapena sadamwedwe. Pakati pa 1954 ndi 1957 odwala atsopano mu mzindawo adatsika ndi theka, ndipo madokotala ambiri a kwina sadakhulupirire. A Styblo adaphunzirako kwa a Crofton m'zaka zomwezo, ndipo khalidwe lofunsa za wodwala aliyense kuti adathera kuti adalitenga kumeneko.

Ntchito yawo yoyamba yodziwika idachitikira kwawo, m'boma la Kolín, lokhala ndi anthu pafupifupi 100,000. Kuyambira 1961, mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu akuluakulu a m'bomalo ankajambulidwa m'chifuwa mobwerezabwereza. Masiku amenewo mayiko olemera ankakhulupirira kwambiri magalimoto onyamula makina a ekisileyi, oyenda tauni ndi tauni kujambula aliyense. Maganizo ake adali omveka: upeze matenda asanakule. Ziwerengero za ku Kolín zidatsutsa. Ambiri mwa odwala amene makhololo awo adali ndi tizilombo tooneka pa maikulosikopu, omwenso ndi amene amapatsira anzawo, sadapezeke ndi galimoto. Adabwera okha ku chipatala chifukwa chotsokomola. Ena adali atajambulidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, chithunzi chili choyera, matenda n'kudzuka galimoto itapita. Pofika 1974 akatswiri a WHO adalangiza mayiko kuti aleke kujambula anthu mwachisawawa. Kwa mayiko osauka uwu udali uthenga wopepuza mtima, chifukwa maikulosikopu ndi galasi lopakapo makhololo n'zotchipa kuyerekeza ndi galimoto ya ekisileyi.

Mu 1966 a Styblo adasamukira ku The Hague, m'dziko la Netherlands, kukatsogolera kagulu kofufuza kafalidwe ka matendawa kotchedwa Tuberculosis Surveillance Research Unit. Apa m'pamene luso lawo lowerengera lidaonekera. Funso lidali ili: ungadziwe bwanji kukula kwa chifuwa chachikulu m'dziko, pomwe odwala ambiri safika ku chipatala ndipo amene afika salembedwa bwino? Yankho lidachokera pa mkono wa mwana. Pali jakisoni wa pakhungu wotchedwa tuberculin. Amabaya timadzi pang'ono pa mkono, pakatha masiku awiri kapena atatu amayeza ndi rula kukula kwa chotupa. Chotupa chikakula ndiye kuti kachilombo kadalowapo m'thupi la munthuyo, ngakhale sakudwala. Dziko la Netherlands linkayeza motere ana asukulu ndi anyamata olowa usilikali chaka ndi chaka, ndipo mwamwayi silinkabaya katemera wa BCG kwa ana onse, katemera amene amasokoneza kuyezaku. Mu 1969, pamodzi ndi J. Meijer ndi Ian Sutherland, adasindikiza lipoti lobwerera m'mbuyo mpaka 1910, loonetsa kuti mwa anthu 100 alionse ndi angati ankatenga kachilombo pa chaka.

Chimene adapeza chidali chochepetsa madokotala mtima wodzitama. Mu 1910 munthu woposa mmodzi mwa 10 ankatenga kachilombo chaka chilichonse. Chiwerengerochi chinkatsika ndi pafupifupi 5 peresenti pa chaka kwa zaka 30, mankhwala kulibe. Nyumba zabwinoko, chakudya, kupatula odwala, ndi zimene zinkagwira ntchito. Kuyambira 1940 kutsikako kudathamanga kuwirikiza kawiri ndi kuposa, mkaka utayamba kuphikidwa mwalamulo usanagulitsidwe, kenako mankhwala atafika. Mu 1976 a Styblo ndi a Meijer adaponyanso mwala pa chinthu china chokondedwa: adaonetsa kuti BCG, katemera wa chipsera cha paphewa uja, amateteza mwana ku mitundu yoopsa ya matendawa koma sachepetsa kwenikweni kufala kwake m'mudzi, popeza ana si amene amafalitsa. Wofalitsa ndi wamkulu wotsokomola.

M'ziwerengero zomwezi mudatuluka masamu amene adadzatchedwa lamulo la Styblo, amene adawalemba mu 1985. Ndi masamu oti mwana wa sitandade 8 akhoza kuwatsata. Wodwala amene makhololo ake ali ndi tizilombo, akapanda kulandira mankhwala, amakhala akufalitsa kwa zaka pafupifupi ziwiri asanamwalire kapena kuchira yekha, ndipo chaka chilichonse amapatsira anthu pafupifupi 10. Tsono m'dera la anthu 100,000 mukamadwala anthu 50 atsopano pa chaka, pa nthawi iliyonse mumakhala ofalitsa 100, amene amapatsira anthu 1,000, ndiye kuti mmodzi mwa 100. Mukatembenuza masamuwo, mukhoza kuyeza mikono ya ana asukulu n'kudziwa kuti dziko lonse lili ndi odwala angati. Kwa zaka zambiri ziwerengero za mayiko osauka zimene zinkalengezedwa ku Geneva zinkatsamira pa lamulo limeneli.

Zikadathera apa, bwenzi tikuwakumbukira ngati katswiri wa masamu a miliri basi. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ali ndi zaka zoyandikira 60, adayamba ntchito ina. Bungwe la International Union Against Tuberculosis, limene likulu lake lili ku Paris, lidawatuma kukathandiza dziko la Tanzania, limene lidakhazikitsa ndondomeko yake yolimbana ndi chifuwa chachikulu ndi khate mu 1977. Nzeru za mankhwala zidalipo kale. Wallace Fox ndi anzake adali ataonetsa ku Madras, m'kafukufuku woyamba mu 1956, kuti wodwala amachira kunyumba chimodzimodzi ndi ku chipatala chapadera, ndipo kafukufuku wa kum'mawa kwa Africa koyambirira kwa zaka za m'ma 1970 adaonetsa kuti rifampicin ndi pyrazinamide akhoza kufupikitsa mankhwala kufika pa miyezi isanu ndi umodzi. Koma akuluakulu ambiri, a WHO omwe, ankati rifampicin ngokwera mtengo kwa Afirika. Anthu athu ankapatsidwa mankhwala otchipa a miyezi 12, ndipo ochira sankafika ndi theka lomwe. Munthu akayamba kupeza bwino mwezi wachitatu, dzinja lafika, munda ukudikira, ankaleka.

A Styblo ankanena chinthu chimene poyamba chimamveka ngati nkhanza: ndondomeko yochiritsa theka la odwala ikhoza kuipitsa zinthu kuposa kusakhala ndi ndondomeko konse. Wodwala womwa mankhwala modumphadumpha samwalira msanga ndiponso sachira. Amakhala zaka akutsokomola m'nyumba, m'tchalitchi, m'basi, ndipo tizilombo timene akufalitsa ndi tija tazolowera mankhwala. Choncho iwo ankati musathamangire kusaka odwala ambiri musanaphunzire kuchiritsa amene abwera okha. Yambani mwachiritsa 85 mwa 100, kusaka kubwere pambuyo.

Mankhwala amene adakonza adali a miyezi isanu ndi itatu. Miyezi iwiri yoyamba wodwala ankagonekedwa m'chipatala, kubayidwa streptomycin tsiku lililonse ndi kumwa rifampicin, isoniazid ndi pyrazinamide namwino akuona. Miyezi isanu ndi umodzi yotsala ankamwera kunyumba isoniazid ndi thiacetazone, mankhwala otchipa. Nzeru yake idali yoti rifampicin, chuma cha ndondomeko yonse, asatuluke m'manja mwa achipatala, kuti asamwedwe mwachidule, asagulitsidwe pa msika, tizilombo tingamuzolowere. Achikulire amene adagonapo m'wodi ya TB m'zaka zimenezo amakumbukira majakisoni 60 aja, ndipo sawakumbukira mokoma.

Pamwamba pa mankhwalawo adaikapo buku lija. Boma lililonse likhale ndi maikulosikopu, munthu mmodzi woyang'anira TB, khadi la wodwala aliyense, ndi kaundula mmodzi. Makhololo aunikidwe poyamba, aunikidwenso pakatha miyezi iwiri, isanu, ndi pomaliza. Miyezi itatu iliyonse woyang'anirayo awerenge onse amene adalembedwa m'nyengo inayake yapitayo, anene mathero a aliyense, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Chipatala chikhoza kunena kuti mwa odwala amene adamaliza mankhwala onse adachira, ndipo chikhala chikunena zoona, pomwe theka adasowa m'njira. Kaundula wa a Styblo salola bodza lokoma lotereli, chifukwa wosowayo ali ndi mzere wake ndipo amawerengedwa. Lipotilo limanenanso mankhwala amene boma lifunika miyezi ikubwerayo, motero shelefu siuma. A Styblo eni ake ankayendera maboma, kukhala pansi ndi oyang'anira, kuyerekeza kaundula wa ku labu ndi wa ku ofesi dzina ndi dzina. Ku Tanzania ochira adakwera kuchoka pa 40 mwa 100 kufika pafupifupi 80.

Malawi idalowa m'ndondomekoyi mu 1984, ndipo Mozambique, Benin ndi Nicaragua adali m'gulu lomwelo. Zaka zoyambirira zidayenda bwino: odwala oposa 80 mwa 100 amene makhololo awo adali ndi tizilombo ankachira. Ziwerengero zolembedwa ndi bolopeni m'maofesi a maboma athu ndi zimene zidakasintha maganizo a dziko lonse. Mu 1991 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza kafukufuku wa mtengo wa chithandizochi ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Pa mayina a olemba, pambali pa Christopher Murray ndi a Styblo, padali a D. S. Nyangulu a ku Malawi, a H. J. Chum a ku Tanzania ndi a A. Salomao a ku Mozambique. Adapeza kuti chaka chimodzi cha moyo wa munthu chinkapulumutsidwa ndi dola imodzi kapena ziwiri, ndipo kuti mankhwala afupiafupi aja, ngakhale ngokwera pogula, ngotchipa ukawerengera munthu wochira. Anthu a ndalama adamva chinenero chimenechi. World Bank idapereka ngongole ku China kuti itsate njira yomweyi m'zigawo zokhala pafupifupi theka la anthu a dzikolo. WHO, imene gawo lake la TB linkatsogoleredwa ndi Arata Kochi, idalengeza mu 1993 kuti chifuwa chachikulu ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo pofika 1995 njira ya a Styblo idapatsidwa dzina lachidule loti DOTS, lonena za kumwa mankhwala wina akuona.

Dzinalo, kunena zoona, lidawalakwira pang'ono. Limaika maso pa kuonerera wodwala akumeza mapiritsi, ngati kuti nkhani yonse ndi kusakhulupirira wodwala. M'malo ambiri zidasanduka mtolo, munthu wofooka kuyenda mtunda tsiku ndi tsiku kukamezera pamaso pa namwino. Koma amene kaundula amamuonerera kwenikweni ndi wachipatala, ndi boma lomwe.

Pamene dziko linkaombera m'manja, pansi pankagumuka. Wodwala Edzi woyamba ku Malawi adadziwika mu 1985, chaka chimodzi chokha ndondomekoyi itayamba. Chaka chimenecho odwala TB olembedwa m'dziko lonse adali opitirira pang'ono 5,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapitirira 20,000 pa chaka, ndipo kafukufuku wa mu 2000 adapeza kuti oposa 7 mwa odwala 10 alionse adali ndi HIV. Masamu onse a a Styblo adamangidwa pa matupi a anthu amene chitetezo chawo chili bwino, momwe mwa anthu 10 otenga kachilombo ndi mmodzi yekha amene amadzadwala pa moyo wake wonse. HIV idasandutsa ngozi ya moyo wonse kukhala ngozi ya chaka chimodzi. Mawodi omangidwira anthu ochepa adadzaza mpaka pansi pa mabedi ndi m'makonde. Thiacetazone, mankhwala otchipa aja, adayamba kusupula khungu la odwala amene ali ndi HIV, ena mpaka kufa, monga adaonetsera madokotala ku Nairobi mu 1991 ndi ku Lusaka pakati pa ana. Adachotsedwa, m'malo mwake mudalowa ethambutol. Maikulosikopu nayo idayamba kuphonya, chifukwa odwala ambiri a HIV amakhala ndi TB yosaoneka m'makhololo, ndipo kafukufuku wa ku Zomba adaonetsa kuti amenewa, omwe ndondomeko inkawayesa odwala pang'ono, ndiwo ankamwalira kwambiri. Kabokosi ka "adamwalira" kadayamba kudya pafupifupi mzere umodzi mwa isanu.

Koma taonani, zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha buku lomwelo. M'zaka zimene anthu ankanong'ona za kaliwondewonde, ena n'kumati ndi tsempho kapena kanyera, kaundula wa TB ankalemba mliriwo miyezi itatu iliyonse, boma ndi boma. Felix Salaniponi, amene adatsogolera ndondomeko ya TB m'Malawi, pamodzi ndi Anthony Harries ndi anzawo, adasandutsa makaundula amenewa kukhala nkhokwe ya kafukufuku, ndipo oyang'anira TB a m'maboma ankatengako mbali. Kugoneka aliyense miyezi iwiri kutalephereka, adayesa ku Ntcheu kuti wodwala azimwera mankhwala kunyumba gadiyani wake akuona ndi kuchonga pa khadi. Njirayi idafalikira dziko lonse mu 2001, majakisoni a odwala koyamba n'kutha.

A Styblo sadaone zimenezi mpaka kumapeto. Adamwalira pa 13 Malichi 1998. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 2004, Malawi idayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala za boma. Akatswiri ambiri akunja ankati mankhwala amenewa sangaperekedwe popanda madokotala ambiri ndi malabu odula. Amene adakonza ndondomeko yathu, a Harries ali m'gulumo, adatengera ku ofesi ya TB: mankhwala amodzimodzi kwa onse oyamba, khadi la wodwala, kaundula, ndi gulu loyendera chipatala chilichonse miyezi itatu iliyonse kukawerenga amene ali moyo, amene amwalira ndi amene asowa. Anthu zikwizikwi amene lero amapita kukatenga botolo lawo la mapiritsi amalembedwa m'buku lobadwa kwa lija la ku Tanzania.

Lamulo la masamu lija lokha silidakhalitse. Mu 2008 ofufuza adayerekeza ziwerengero za ku China, Philippines ndi South Korea, napeza kuti kumene mankhwala akuperekedwa wodwala mmodzi amapatsira anthu ochepa kuposa 10 aja, motero kuyeza mikono ya ana sikungakuuzenso kuchuluka kwa odwala. WHO idaleka kulidalira. Nazonso za ku Kolín zabwereranso pa bwalo. Malawi itachita kafukufuku wa dziko lonse mu 2013 ndi 2014, kujambula ndi kuyeza anthu m'midzi ndi m'matauni, idapeza TB yochuluka kuposa imene inkaganiziridwa, ndipo m'mayiko ambiri kafukufuku wotere wapeza anthu ofalitsa tizilombo amene sadandaula n'komwe za chifuwa. Kudikira kuti wotsokomola abwere yekha kumasiya ambiri kunja, makamaka abambo. Tsopano magalimoto a ekisileyi, amene malangizo a WHO a 1974 aja adawaimika, ayambanso kuyenda m'matauni athu, chithunzi chikuwerengedwa ndi kompyuta, makhololo akuyezedwa ndi makina a GeneXpert pa maola awiri. Amene wapezeka nayo amatumizidwa ku ofesi ya TB, kumene amafunsidwa dzina, mudzi ndi mfumu, n'kupatsidwa nambala ndi mzere wake.